Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Tiwatsatire Ana Obadwa Masiku Asanakwane Mpaka Kusukulu

Olemekezeka Anduna,

Ine ndine namwino komanso mzamba wopuma pa ntchito, ndipo zaka zanga zambiri ndinathera ku nazale, kusamalira makanda obadwa masiku asanakwane. Ndalemba kalatayi poyera chifukwa eni nkhani yake ndi ambiri. Ndi amayi amene chaka ndi chaka amatuluka m'zipatala zathu atamangirira pachifuwa kamwana kosakwana makilogalamu awiri, ndipo kuchokera tsiku limenelo palibenso wowafunsa kuti nzeru za mwanayo zikukula bwanji.

Pempho langa ndi lakuti ana obadwa mimba isanakwane masabata 32, aja kumudzi amati "wabadwa wa miyezi seveni", boma liziwatsatira mwadongosolo kufikira atalowa Sitandade 1. Panopa kaundula wathu amatsekedwa pa chipata cha chipatala. Mwana akatuluka wamoyo timalemba kuti zatheka, chikhalirecho ubongo wake uli pakati pa ntchito imene inayenera kutha asanabadwe.

Zabwino zimene zachitika ndiyenera kuzitchula, pakuti ndinaziona ndi maso. Lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse: ana 18 mwa ana 100 aliwonse obadwa amoyo ankabadwa masabata 37 asanakwane. Sitinakhale manja lende. Kangaru, njira yoika mwana pachifuwa pa mayi imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa cha kuchepa kwa makina otenthetsera makanda, inafika pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo lero yafalikira m'zipatala za m'maboma. Makina othandiza mwana kupuma a Pumani, amene anapangidwa mogwirizana ndi Rice University, atayesedwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa kuti ana 71 mwa 100 ankapulumuka, pamene mwa ana ongopatsidwa okosijeni wa m'mphuno ankapulumuka 44. Chipatala chomwechi chinali nawo pa kafukufuku wa mayiko asanu, Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, amene mu 2021 anapeza kuti kuika mwana pachifuwa pa mayi akangobadwa, osadikira kuti ayambe wakhazikika, kumachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Bungwe la WHO linasintha malangizo ake mu 2022 potsamira umboni umene amayi ndi anamwino a kwathu kuno anathandiza kupereka. Ana amene kale tinkangowafunditsa n'kumadikira, lero akukhala ndi moyo. Pachifukwa chomwecho, chiwerengero cha ana ofunika kuwatsatira chikukula chaka chilichonse.

Anduna, ndiloleni ndifotokoze zimene zimachitika m'mutu mwa khanda lotere, chifukwa pempho langa lagona pamenepo. Miyezi itatu yomaliza ya mimba ndi imene ubongo umakula mothamanga kwambiri. Pa masabata 28 umakhala wosalala ndithu, makwinya ake atangoyamba kumene. Ngakhale pa masabata 34 umakhala ukulemera magawo awiri okha mwa magawo atatu a kulemera kumene ukanafika nako mimba ikanakwana. Ntchito yonseyi inayenera kuchitikira mumdima, motenthera, mopanda phokoso, chakudya ndi mpweya zikubwera mosadukiza kudzera pamchombo. Mwana wa masabata 29 amaichitira pa kabedi ka ku nazale, pali kuwala, phokoso, singano, chisanu cha m'bandakucha wa mwezi wa June ndi magetsi othimathima.

Mkati mwa ubongo wa mwana wotere muli malo amene mitsempha yake ya magazi ndi yopyapyala zedi. Kayendedwe ka magazi kakasintha mwadzidzidzi, kaya chifukwa cha kubanika kapena kuzizidwa, timitsempha timeneti timang'ambika n'kukha magazi, ndipo kawirikawiri izi zimachitika m'masiku atatu oyamba. Ana obadwira kutali n'kuchita kunyamulidwa ndi ambulansi ndi amene ngoziyi imawagwera kwambiri. Ngozi ina siioneka msanga. Maselo amene amadzapanga chikutiro cha mitsempha ya ubongo amakhala osakhwima pakati pa masabata 23 ndi 32, ndipo amafa mosavuta mpweya ukachepa kapena mwana akatenga matenda a m'magazi. Zimakhala ngati mawaya a magetsi oikidwa m'nyumba pulasitiki wake ali woperewera: babu limodzi limayaka bwinobwino, koma mukalumikiza zinthu zambiri nthawi imodzi pamavuta. N'chifukwa chake mwana amatha kuyamwa, kukwawa ndi kuyenda pa nthawi yake, vuto n'kudzatulukira ali ndi zaka 7, atapatsidwa samu yofuna kuti asunge nambala imodzi m'mutu uku akulemba ina.

Mayiko olemera anayamba kale kuwatsatira anawa, ndipo zimene anapeza n'zodziwika. Ku Britain ndi Ireland, kafukufuku wa EPICure anatsatira ana obadwa mu 1995 mimba isanafike masabata 26. Atakwana zaka 6, ana 41 mwa 100 anapezeka ndi vuto lalikulu ndithu la kaganizidwe powayerekeza ndi anzawo a m'kalasi, ndipo atakula pang'ono phunziro limene linkawasautsa koposa linali masamu. Mu 2018 akatswiri a ku Netherlands anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 71 n'kupeza kuti ana obadwa masabata 32 asanakwane, kapena olemera mochepera kwambiri, amatsalira ndi mapointi pafupifupi 13 pa mayeso oyeza nzeru. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kusiyanaku sikunachepe pakati pa ana obadwa mu 1990 ndi obadwa mu 2008, ngakhale makina ndi mankhwala zinali zitapita patsogolo. Kupulumutsa moyo pakokha sikunateteze nzeru. Ngati zili choncho kumayiko kumene namwino mmodzi amayang'anira makanda awiri, kuli bwanji kuno kumene namwino mmodzi amachezera usiku wonse ndi chipinda chodzaza?

Umboni wa kwathu uliponso. Mu 2011 Dr Melissa Gladstone ndi anzake anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa m'midzi ya m'chigawo cha kummwera, wotsatira ana amene msinkhu wa mimba zawo unayezedwa ndi makina ounikira. Obadwa masiku asanakwane ankamwalira kwambiri m'zaka ziwiri zoyamba, ankakhala ochepa thupi, ndipo ankatsalira pa kakulidwe kuposa anzawo. Ambiri mwa ana amenewa anali obadwa patangotsala masabata ochepa chabe. Nanga a masabata 29 ndi 30 amene tikuwapulumutsa lero?

Sindikufuna kuti mayi amene akuwerenga kalatayi ali ku wodi ya kangaru ataye mtima. Ziwerengerozi zikunena za gulu, sizikulosera za mwana wake. Ndikudziwa ana amene ndinawanyamula akukwana m'manja awiri, lero ali ku sekondale ndipo akukhoza bwino. Ubongo wa mwana wamng'ono umatha kupeza njira zina ukathandizidwa msanga. Koma chimene chimasiyanitsa mwana wothandizika ndi wotsalira kawirikawiri ndi zimene amakumana nazo akafika kunyumba: kudya, malungo, munthu womuyankhula ndi kusewera naye, ndiponso maso a munthu wodziwa amene angaone vuto lisanakule. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mwana wobadwa msanga amene akukakulira m'nyumba yosowa chakudya wasenza mitolo iwiri.

M'dera limene ndikukhala muli kamtsikana kamene kanabadwa pa miyezi seveni. Kakubwereza Sitandade 2. Ndi kamwana kaulemu, koyankhula bwino, kodziwa nyimbo zonse za ku Sande sukulu. Mukakatuma kuti katenge mchere, katseke chitseko, kenaka kaitane mchimwene wake, kamabwera ndi mchere wokha n'kuima kakukuyang'anani, kakudziwa kuti pali china chimene chathawa m'mutu. M'kope mwake manambala sakhala pa mzere. Makumi ndi maumodzi zimasakanikirana, ndiye samu imalakwika ngakhale njira yake kakuidziwa. Aphunzitsi ake, amene ali ndi ana oposa 100 m'kalasi, anauza mayi ake kuti mwanayu ngwamasewera. Agogo ake akuti pali munthu anamuchita chipongwe. Anzake amamutcha mbuli. Mayi ake atandionetsa buku lake la kusikelo, ndinapezamo kulemera kwake kwa mwezi ndi mwezi, katemera yense, ndi vitamini A. Kuti anabadwa pa masabata angati, kuti anakhala pa okosijeni masiku angati, kuti anadwala chikasu kapena ayi, munalibe. Palibe amene anawauza mayiwa kuti kubadwa msanga kuja ndi kuvutika kwa lero n'zolumikizana. Nditawafotokozera anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati, "Ndiye ndakhala ndikumukwapula chabe."

Mawu amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi, Anduna. Mwanayu analakwiridwa ndi dongosolo, ndipo dongosolo lili m'manja mwanu.

Choyamba chimene ndikupempha n'chotsika mtengo kuposa zonse. Buku la kuchipatala la mwana likhale ndi tsamba looneka bwino la ana obadwa masiku asanakwane, ndipo namwino asatulutse mwana tsambalo lisanalembedwe: masabata a mimba, kulemera pobadwa, masiku a okosijeni kapena Pumani, chikasu, kukomoka, mankhwala a gentamicin, kukula kwa mutu potuluka. Bukuli ndi lokhalo limene limayenda ndi mwana kuchokera ku chipatala cha boma mpaka pansi pa mtengo pamene alangizi a zaumoyo amachitira sikelo. Patsamba lomwelo palembedwe masiku obwerera, osati okwera sikelo okha, koma oona kakulidwe: pa miyezi 6, pa chaka, pa zaka ziwiri, ndiponso asanayambe sukulu. Alangizi aphunzitsidwenso kuwerenga msinkhu wa mwana wotere moyenera. Mwana wobadwa pa masabata 28 akakwana miyezi 6 chibadwire, thupi ndi ubongo wake zili pa miyezi itatu, ndipo kuchotsera kotereku kumachitika mpaka atakwana zaka ziwiri. Popanda kudziwa zimenezi timadetsa nkhawa amayi a ana amene ali bwinobwino, kwinaku tikuuza ena kuti "adzayenda, ana amasiyana" pamene miyendo yayamba kale kuuma. Katemera yekha ndiye amatsata tsiku lenileni lobadwa.

Chida choyezera sitichita kukagula kunja. Malawi Developmental Assessment Tool, imene ambiri amangoti MDAT, inapangidwira m'dziko muno ndipo inasindikizidwa mu 2010. Imaona mmene mwana akugwiritsira ntchito thupi, zala, chiyankhulo, ndi mmene amakhalira ndi anthu, pogwiritsa ntchito zinthu zimene mwana wa kumudzi amazidziwa. Mayiko ena anaitenga n'kumaigwiritsa ntchito. Zimandipweteka kuti chida chotchulidwa dzina la dziko lathu chimadziwika kwambiri kwa ochita kafukufuku kuposa kwa alangizi amene amakumana ndi ana athu mwezi uliwonse. Sindikunena kuti mwana aliyense wa kusikelo ayezedwe nacho mawa. Yambani ndi ana otuluka ku nazale. Mayina awo muli nawo kale.

Maso ndi makutu zisaiwalike. Okosijeni amene amapulumutsa mwana, akachuluka amawononga mitsempha ya kuseri kwa diso imene sinakhwime, ndipo mwana amatha kuchita khungu. Vutoli limachizika likapezeka msanga, koma pafunika kuti diso liunikidwe pamene mwana wakwanitsa pafupifupi mwezi umodzi, nthawi imene ambiri amakhala atapita kale kwawo. Tikamawonjezera makina a okosijeni m'maboma, tiwonjezerenso timakina toyezera mpweya wa m'magazi ndi anthu ounika maso. Chikasu chachikulu chosaikidwa pa nyale msanga chimawononga ubongo ndi kumva. Mwana wosamva bwino sayankhula pa nthawi yake, ndipo kusukulu adzamuyesa wopepera pamene vuto lili m'khutu.

Zina zoteteza ubongo zimayamba mwana asanabadwe, ndipo mankhwala ake ali kale m'makabati athu. Mzamba aliyense amaidziwa magnesium sulphate, imene timabaya amayi othamanga magazi kuti asakomoke. Mankhwala omwewa akaperekedwa kwa mayi amene akuchira masabata 32 asanakwane amachepetsa, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuyandikira pamenepo, chiopsezo cha kulumala kochokera mu ubongo kumene madokotala amati cerebral palsy. WHO inavomereza zimenezi mu 2015. Jakisoni wa dexamethasone amakhwimitsa mapapo a mwana ndi kuchepetsa kukha magazi mu ubongo, koma amafuna kuti msinkhu wa mimba udziwike bwino, chifukwa kafukufuku wina wamkulu anaonetsa kuti kumupereka mwachisawawa kumavulaza. Apa ndiye pali vuto lathu: amayi ambiri amayamba sikelo mimba itakula, tsiku lomaliza kusamba saliikumbuka, ndipo ife timangoyeza ndi tepi. Makina ounikira mimba afike m'zipatala zing'onozing'ono, azamba aphunzitsidwe kuwagwiritsa ntchito, kuti mawu oti "masabata 30" akhale ndi tanthauzo.

Ku nazale, ana aang'ono kwambiri amaiwala kupuma. Namwino amaona kamwana kakuda milomo, n'kukasisita kumapazi kuti kayambenso. Kafukufuku wamkulu wa ana oposa 2,000 anaonetsa mu 2007 kuti caffeine, kuwonjezera pa kuchepetsa vutoli, anatsitsa cerebral palsy kuchoka pa ana 7 kufika pa ana 4 mwa 100. Malo ambiri mu Africa muno timadalira aminophylline chifukwa ndi amene amapezeka, ngakhale ndi wovuta kupima mlingo wake. Ndikupempha kuti caffeine citrate azipezeka mosadukiza mu nazale iliyonse ya boma.

Ndipo mayi, Anduna. Ndinaona amayi atakhala pa benchi pakati pa usiku, akufinya mkaka m'kapu dontho ndi dontho, mabere akuwawa, kuti namwino authire m'kachubu ka m'mphuno maola awiri kapena atatu aliwonse. Mkaka umenewo ndi chakudya cha ubongo umene ukukulawo, ndipo chifuwa chawo ndiye chofunda chake. Ku Colombia, Dr Nathalie Charpak ndi anzake anatsatira ana a kangaru kwa zaka 20, ndipo anapeza kuti anali odekha kuposa anzawo, osajombajomba kusukulu. Koma kangaru amafuna mayi wokhuta, wokhala ndi bedi, wokhala ndi gadiyani womulandirako mwana akafuna kukasamba. Mayi amene wasiya ana ena atatu kumudzi, munda usanalimidwe, amapempha kutuluka msanga, ndipo sindingamuweruze. Tsiku lobwereranso likafika, ndalama ya kabaza imasowa. Kliniki yotsatira anawa ikangokhala ku chipatala chachikulu chokha, adzafikako ndi a m'tauni basi. Iyenera kutsikira ku zipatala zing'onozing'ono ndi kwa alangizi. Amayi apantchito nawo ali ndi vuto lawo: lamulo la ntchito limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata 8. Mayi wochira pa masabata 29 tchuthicho chimamuthera mwana asanafike n'komwe pa tsiku limene anayenera kubadwa. Nkhaniyi ndi ya unduna wa zantchito, koma mawu ochokera kwa inu angamveke kuposa anga.

Mwana akapezeka ndi vuto apite kuti? Funso limeneli anamwino amandifunsa, ndipo n'loona. Akatswiri a mafizo ndi ochepa, othandiza ana kuyankhula ndi ochepa koposa. Koma Kamuzu University of Health Sciences ikutulutsa akatswiri a mafizo, ndipo ena mwa iwo akufuna ntchito. Alembeni, aliyense akhale ndi tsiku la ana a ku nazale pa chipatala cha boma lake. Zambiri zimene mwanayu akufuna mayi angathe kuchita yekha akaonetsedwa: mmene angamugonekere ndi kumukhazika, kumuyang'ana m'maso poyamwitsa, kumutchulira mayina a zinthu, kumupatsa zitsekero za mabotolo kuti azisanja. Maphunziro otere a WHO ndi UNICEF alipo kale, otchedwa Care for Child Development.

Pomaliza pali mpata umene uli pakati pa maunduna. Mwana amachoka m'manja mwanu, n'kupita ku sukulu ya mmera mpoyamba imene ili pansi pa unduna wina, kenaka ku pulayimale imene ili pansi pa unduna winanso, ndipo mbiri yake siiyenda naye. Mphunzitsi wa Sitandade 1 akanadziwa kuti mwa ana ake muli atatu obadwa pa miyezi seveni, bwenzi akuwakhazika kutsogolo, kuwapatsa langizo limodzi pa nthawi imodzi, kuwalola kuwerengera timiyala nthawi yotalikirapo, ndi kuwalembera mizere m'kope kuti manambala akhale m'malo mwake. Zimenezi sizifuna ndalama. Koleji ya Montfort ku Chiradzulu imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofuna chithandizo chapadera, koma aphunzitsi amenewa sangapeze mwana amene palibe anawalozera. Ndikupempha kuti mukhale pansi ndi anzanu a Zamaphunziro ndi oona za ana, mugwirizane kuti polembetsa Sitandade 1 tsamba lija la m'buku la kuchipatala lizionedwa, makolo atavomereza, ndipo cholinga chikhale kuthandiza mwanayo, osati kumupatula.

Mukadzaimanso m'Nyumba ya Malamulo kufotokoza za imfa za makanda, ndikupempha kuti mudzatiuzenso chiwerengero china: mwa ana obadwa masabata 32 asanakwane amene anatuluka amoyo m'zipatala zathu, ndi angati anayezedwa kakulidwe atakwana zaka ziwiri, angati anaunikidwa maso ndi makutu, ndipo angati mwa opezeka ndi vuto analandira chithandizo. Chaka choyamba chiwerengerocho chidzakhala chochepa, koma chilengezeni ndithu, boma ndi boma, kuti chaka chotsatira tidzakhale ndi poyerekezera.

Ine wanu mwaulemu,

Namwino ndi mzamba wopuma pa ntchito